Mwana wa nkhumba wa masabata atatu sanafike podya madeya

Alimi anzanga kuno ku Mchinji, kuyambira ku Kamwendo mpaka ku Mkanda, pali chizolowezi chomwe chikutithera ana a nkhumba m'makola. Anthu akuwalekanitsa ndi mayi wawo ali ndi masabata atatu okha, kuti awagulitse msanga kapena kuti make akweredwenso. N'zoona kuti nkhumba ikasiya kuyamwitsa imafuna yamphongo pakangotha masiku 4 mpaka 7, koma phindu limenelo limathera pa ana omwe amafa kapena kupinimbira.

Chifu cha mwana wa nkhumba chimabadwa chokonzekera mkaka basi. Asidi amene chimatulutsa ndi wochepa, ndipo mbali ina ya kuwawasa kwa m'chifumo imachokera ku shuga wa mumkaka amene tizilombo tabwino timamusandutsa asidi. Mukachotsa mkaka mwadzidzidzi, kuwawasako kumachepa. Pepsin, mankhwala achilengedwe a m'chifu amene amagaya zomanga thupi za mu soya ndi nsomba, sagwira bwino ntchito popanda asidi wokwanira. Chakudya chimadutsa chosagayika n'kukafika m'matumbo, komwe tizilombo ta E. coli timachipeza n'kuswana. Kutsekula m'mimba komwe kumabwera m'masabata awiri oyamba kumayambira pamenepo.

Ndiye pali mantha. Tsiku limodzi lokha mwana wataya make, wataya bere lomwe amayamwa pafupifupi ola lililonse, wanyamulidwa m'thumba pa njinga, waikidwa m'khola lachilendo momwe anzake akumuluma. Tiziwalo tokhala pamwamba pa impso timatulutsa homoni (mankhwala achilengedwe oyenda m'magazi) yotchedwa cortisol. Homoni imeneyi si yoipa payokha. Ndi yomweyo imene imakhwimitsa chifu ndi mapapo mwana akatsala pang'ono kubadwa. Vuto ndi pamene yachuluka n'kukhalitsa masiku: chitetezo cha thupi chimafooka, ndipo mahomoni a mantha amasiya khungu la m'kati mwa matumbo lotayirira moti poizoni wa tizilombo amalowa m'magazi. Ana ambiri sadya tsiku lathunthu kapena awiri, ndipo timinofu tokhala ngati ubweya wa thaulo tomwe timayamwa chakudya m'matumbo timafupika. Mwana wotere ngakhale apulumuke, amakula mozengereza. Mumuona ali ndi mimba yotupa, ubweya woyimirira, msana woonekera.

Choipitsitsa n'chakuti pa masabata atatu kapena anayi chitetezo chomwe adalandira mu mkaka woyamba wa make atangobadwa chimakhala chikutha, pomwe chake sichinakhwime. Palibenso nthawi ina yolakwika kuposa imeneyi.

Mafamu akuluakulu amaletsa kuyamwa pa masabata atatu kapena anayi chifukwa ali ndi chakudya chapadera chokhala ndi ufa wa mkaka komanso makola otenthetsedwa. Ife a madeya tidikire masabata 6 mpaka 8, ndipo tiyang'ane kadyedwe ka mwanayo, osati kalendala yokha.

Yambani kuwaphunzitsa kudya ali ndi masiku 7 mpaka 10. Tchingani kangodya ka khola ndi mitengo, musiye mpata woti ana okha ndiwo alowe. Ikanimo kadzanja kamodzi ka ufa wa chimanga wosakaniza ndi soya ndi usipa wosinja, muzichotsa zotsala tsiku ndi tsiku chifukwa zikasasa amazikana. Soya akhale wokazinga. Wosakazinga ali ndi zinthu zotsekereza kugayika kwa zomanga thupi, ndipo kwa kamwana ndi matenda enieni. Madeya okha ali ndi makoko ambiri, asakhale chakudya choyambira. Madzi oyera asasowe, m'chiwiya chosazama.

Tsiku loletsa kuyamwa, tulutsani make, ana atsale m'khola lomwe analizolowera kwa sabata imodzi, akudya chakudya chomwe chija, pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu patsiku. Kuthena, kusakaniza ana a mabere osiyana ndi kugulitsa, zonsezi zisagwere sabata imeneyo. M'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira kwambiri kuno, choncho yalani udzu wouma wambiri, mutseke mbali yochokera mphepo.

Wina akayamba kutsekula, mpatseni madzi owiritsa lita imodzi osakaniza ndi masipuni a tiyi 6 a shuga ndi theka la sipuni ya tiyi ya mchere, kenaka itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo. Maso akalowa m'kati, madzi amakhala atamuthera kale m'thupi.