Zimene gombe lathu lingaphunzire ku Mauritius

Abale anga a ku Salima ndi Nkhotakota, masiku ano anthu ambiri a m'tauni akuika pa Facebook zithunzi za tchuthi chimene akathera ku zilumba za m'nyanja ya mchere, makamaka ku Mauritius, ndipo pansi pa zithunzizo pamabwera ndemanga za mitundu iwiri. Ena amasirira, ena amadzudzula kuti munthuyo wamwaza ndalama zakunja pamene dziko likuzisowa, chonsecho nyanja tili nayo pakhomo. Ine sindili mbali ya odzudzula, chifukwa munthu ali ndi ufulu wokapuma kumene mtima wake wafuna. Chimene ndikupempha n'chakuti tiyang'anitsitse zimene anthuwa amakalipira kumeneko, popeza ndikukhulupirira kuti zambiri mwa izo zingathe kuchitika kuno, ndipo ozichita ayenera kukhala ana athu obadwira m'mphepete mwa nyanja.

Mauritius ndi dziko laling'ono kwambiri. Lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku gombe la kummwera chakummawa kwa Africa, linalandira ufulu wodzilamulira pa 12 March 1968, ndipo kukula kwake sikusiyana kwenikweni ndi boma lathu la Salima. M'dzikomo muli anthu opitirira pang'ono 1.2 miliyoni, koma mu 2019 munafika alendo okaona malo pafupifupi 1.4 miliyoni, kutanthauza kuti alendo a chaka chimodzi anaposa eni dziko. Alendowa sapita kukangogona pamchenga. Mbali yaikulu ya chilumbacho yazunguliridwa ndi matanthwe a pansi pa nyanja amene amaswa mafunde akuluakulu asanafike kumtunda, choncho pakati pa matanthwewo ndi gombe pamakhala madzi odekha, osaya, oti munthu amaona pansi. Ku Blue Bay, kumene boma linapatula kukhala malo otetezedwa, anthu amavala magalasi ndi kapaipi kopumira n'kumaonera nsomba, ndipo osadziwa kusambira amakwera maboti a pansi pa galasi. Ku kachilumba ka Île aux Cerfs amapita pa maboti a matanga kukaswera tsiku lonse. Amene atopa ndi madzi amakayenda wapansi m'nkhalango ya Black River Gorges, imene inakhala malo otetezedwa mu 1994, kapena kukwera phiri la Le Morne Brabant.

Phiri limeneli limandikhudza pa chifukwa china. M'mapanga ake ndi mmene munkabisala akapolo othawa, ambiri a iwo ochokera ku Madagascar ndi ku Mozambique, ndipo mu 2008 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a mbiri ya dziko lonse lapansi. Mlendo amene wakwera phirilo m'mawa amamva mbiri ya ukapolo kuchokera kwa mwana wa m'mudzi womwewo, ndipo amamulipira. Ife ku Nkhotakota tili ndi mbiri ya a Jumbe ndi madoko amene anthu ankawolotsedwerapo kupita ku Kilwa, koma achinyamata amene angaifotokoze bwinobwino kwa mlendo ndi owerengeka.

Tsopano ndifike pa mphepo, pakuti apa ndi pamene ndimaona kuti tikugonera chuma. M'munsi mwa Le Morne ndi amodzi mwa malo otchuka padziko lonse pa masewera a kitesurfing, amene munthu amaima pa thabwa n'kumakokedwa pamwamba pa madzi ndi kansalu kouluka m'mwamba. Nyengo yabwino ya masewerawa ndi miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka October, pamene kumawomba mphepo yochokera kummwera chakummawa. Aliyense wokulira ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Chia adziwa kale kuti ndikunena m'bale wake wa mwera. Kwa ife mwera ndi nthawi imene asodzi amakokera mabwato kumtunda, usipa umakwera mtengo, ndipo amayi amakhala mtima uli m'mwamba ngati bambo anachita khama kulowa m'madzi. Kwa anzathu a ku Mauritius mphepo yomweyo ndi nyengo imene alendo okonda masewerawa amakhamukira ku Le Morne. Sindikunena kuti mwera ndi wosewera naye, chifukwa wadya anthu ambiri ndipo mafunde a nyanja yathu alibe matanthwe owatchinga. Komabe mpikisano wa maboti a matanga umene wakhala ukuchitika pa nyanja ya Malawi m'nyengo yomweyi, kudutsa magombe athu omwewa, waonetsa kale kuti munthu wophunzitsidwa bwino, wokhala ndi zipangizo zoyenera, angathe kuyenda ndi mwera. Ana athu amangoonerera maboti amenewa ali kumtunda.

Yendani pa gombe la Senga Bay Loweruka masana muone mmene ntchitoyi ikuyendera lero. Galimoto ikangoima, anyamata angapo amathamangira mlendo, aliyense akutchula mtengo wake wopitira ku chilumba cha Namalenje. Akagwirizana, mmodzi amathamanga kukagula petulo wa m'chigubu, wina amakapa madzi m'boti ndi chidebe chodulidwa pakati, ndipo majekete oyandamitsa munthu, ngati alipo, amakhala awiri kapena atatu oti zingwe zake zinaduka kale. Koma boti likangochoka pagombe, taonani luso la mnyamata yemweyo. Amadziwa pamene pali mwala wobisika, amayang'ana mtambo wa kutsidya n'kudziwa ngati madzi asinthe dzuwa lisanapendeke, ndipo akafika pafupi ndi chilumba amaimba likhweru, n'kuponya nsomba pamadzi, nkhwazi n'kutsika mu mtengo kudzaitola alendo akuona. Nzeru imeneyi sanaiphunzire m'kalasi, ndipo palibe mzungu wobwera amene angaipeze m'chaka chimodzi. Chimene alibe ndi chiphaso, maphunziro opulumutsira munthu womira, ndi boti loyesedwa ndi akatswiri. Chifukwa cha zimenezi mlendo amamuopa, eni malo ogona amamuona ngati wosokoneza, ndipo ndalama imene amapeza imathera pa petulo ndi nsima ya tsikulo.

Ku Mauritius munthu sanyamula alendo pa boti popanda chiphaso cha woyendetsa, chimene chimaperekedwa ndi bungwe la boma loona za alendo, ndipo botilo nalonso limakhala ndi chiphaso chake. M'malo ambiri osambira anaika zoyandama zolekanitsa osambira ndi maboti a injini, pali malire a liwiro, ndipo asilikali olondera gombe amayendera madziwo. Lamulo lotereli limateteza mlendo, koma limakwezanso mwana wa msodzi, chifukwa akakhala ndi chiphaso amasanduka munthu wa ntchito yodziwika, woti hotela ingamulembe kapena banki ingamumvere akafuna ngongole ya boti. Kuno sitikuyambira pa chabe. Ku Monkey Bay kuli sukulu yophunzitsa za maulendo a panyanja, ku Mpwepwe kuli sukulu ya za usodzi, ndipo TEVETA imaphunzitsa kale ntchito zamanja m'maboma. Ndikadakonda kuona maphunziro aafupi, a miyezi yochepa, ochitikira konkuno ku Senga Bay ndi ku Nkhotakota, olandira ngakhale mnyamata kapena mtsikana amene analekezera sukulu panjira, ophunzitsa kuyendetsa boti la alendo, kupulumutsa womira, chithandizo choyamba, ndi mayina a nsomba zimene mlendo akuziona.

Za nsombazo sindikufuna kuchulutsa mawu, popeza tonse tikudziwa kuti nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere. Zilumba za Maleri, zimene zimaoneka bwino kuchokera ku gombe lathu, ndi gawo la Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kuzindikiridwa ndi UNESCO mu 1984. Mbuna za pa miyala ya kumeneko anthu a ku Ulaya amazigula n'kumaziweta m'magalasi m'nyumba zawo, ndipo munthu woteroyo angalipire ndithu kuti adzazione kwawo kwenikweni.

Nkhani ina imene imandipweteka kwambiri ndi ya mipanda. Ku Mauritius malo a m'mphepete mwa nyanja, mamita 81 kuchokera pamene madzi amalekezera akadzaza, ndi a boma. Mbali yaikulu ya malowa boma linabwereketsa kwa eni mahotela ndi nyumba, koma munthu wamba saletsedwa kuyenda pamchenga m'mphepete mwa madzi, ndipo pali magombe ambiri amene analengezedwa kuti ndi a anthu onse, oyang'aniridwa ndi bungwe lotchedwa Beach Authority. Lamlungu ku Flic en Flac kapena ku Belle Mare mabanja a eni dziko amayala mphasa pansi pa mitengo, amatsegula miphika ya mpunga, ana amasewera m'madzi, ena amaimba ng'oma ndi kuvina gule wa kwawo wa sega, ndipo palibe mlonda wowafunsa ndalama ya pageti. Sikuti kumeneko zonse zili bwino. Eni dziko akhala akulimbana ndi omanga mahotela, mpaka panabadwa gulu lotchedwa Aret Kokin Nu Laplaz, limene limakana kuti magombe a anthu aziperekedwa kwa amalonda. Chimene ndimasirira n'chakuti anthuwo amadziwa kuti gombe ndi lawo, ndipo likamalandidwa amayankhula.

Kuno gombe likutha mwakachetechete. Chaka ndi chaka pamamera mpanda watsopano wotsika mpaka m'madzi, njira imene amayi ankadzera pokachapa ndi kukatunga imatsekedwa, ndipo asodzi amapanikizana pa kadoko kamodzi pamene kale ankayanika makoka momasuka. Mwana wa m'mudzi wa kuseri kwa msewu amakula akuona nyanja pamwamba pa khoma la njerwa. Sindikudana ndi omanga malo ogona alendo, chifukwa alemba ntchito abale athu ambiri ndipo timawafuna. Koma mwana amene sanakule akusewera m'madzi sangadzakhale mphunzitsi wa kusambira kapena woyendetsa boti, ndipo tikatseka gombe lero, ntchito zonsezi zidzapita kwa anthu obwera. Madzi atakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona ambiri a m'mphepete mwa nyanja, tinaonanso kuti kumanga pafupi kwambiri ndi madzi kumavulaza ngakhale mwini mpandayo.

Wina anena kuti Amalawi sitisunga malamulo a panyanja. Ameneyo apite ku Mbenji. Pa chilumba chimenechi, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, usodzi umatsekedwa m'nyengo ya dzinja n'kutsegulidwa cha mu April, mowa suloledwa, ndipo mwambo umenewu wasungidwa kuyambira zaka za m'ma 1950 ndi mphamvu ya mafumu ndi asodzi eni ake. Utaka wa ku Mbenji umakula chifukwa anthu anagwirizana kuupatsa nthawi. Ngati asodzi athu angasunge lamulo lovuta chonchi kwa zaka zonsezi, sangalephere kusunga lamulo la jekete ndi la chiwerengero cha anthu okwera boti, bola lamulolo lipangidwe pamodzi ndi iwo. Anzathu a ku Mauritius anaonetsa mtima womwewu mu 2020, pamene sitima ya MV Wakashio inagunda matanthwe pafupi ndi Pointe d'Esny pa 25 July n'kutaya mafuta okwana matani pafupifupi 1,000. Anthu wamba anasonkhana usana ndi usiku kusoka zotchingira mafuta ndi masamba a nzimbe, ena mpaka kumeta tsitsi lawo kuti liyamwe mafutawo. Anatero chifukwa nyanjayo imawadyetsa, ndipo amaloledwa kuifika.

Tilinso ndi zathu zimene chilumba chija chilibe. Mlendo angathe kupalasa bwato m'mawa pa Chia, madzulo n'kukaona njovu m'nkhalango ya Nkhotakota, kumene mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, ndipo mtsinje wa Bua uli pomwepo ndi mpasa wake. Koma tiyenera kunena zoona pa zoopsa zathu. Likodzo lilipo m'malo a madzi odekha okhala ndi udzu, ng'ona ndi mvuu zilipo makamaka pa mathiriro a mitsinje, ndipo kubisa zimenezi kwa mlendo n'kulakwa. Wotsogolera alendo wophunzitsidwa amadziwa poti asambitse anthu ndi poti awaletse, ndipo amawauza za mankhwala a likodzo mosabisa.

Pempho langa kwa makhansala athu, mafumu ndi akuluakulu a khonsolo za Salima ndi Nkhotakota n'lakuti asanavomereze mpanda wina uliwonse, ayambe ayenda wapansi m'gombe lonse pamodzi ndi makomiti a asodzi, alembe njira zonse zofikira kunyanja zimene zatsala, aikepo zikwangwani, ndipo apatule malo angapo aakulu kukhala magombe a anthu onse, okhala ndi zimbudzi, motaya zinyalala ndi munthu wodziwa kupulumutsa omira pa masiku a tchuthi. Anyamata a maboti nawonso alembedwe m'kaundula, akhale ndi gulu lawo ndi mtengo umodzi wodziwika, kuti mlendo asamakanganiridwe pagalimoto. Eni malo ogona amene ali ndi maboti opalasa ndi magalasi oonera nsomba angathe kupatula tsiku limodzi pamwezi kuti ana a sukulu zoyandikana nawo adzaphunzire kusambira ndi kugwiritsa ntchito zipangizozi, atsikana pamodzi ndi anyamata, chifukwa mwa ana amenewa ndi mmene adzapezamo antchito awo zaka zikubwerazi.