Makina oyezera liwiro aime pomwe anthu akufera

Pali nkhani yakuti makina oyezera liwiro la galimoto akuthandiza apolisi apamsewu kuchepetsa ngozi. Ine ndikuvomereza, koma tiwaike poyenera. Pitani pa Lizulu tsiku la msika mukaone: amayi ayala mbatatesi ndi kabichi m'mphepete mwenimweni mwa M1, ana akudumpha msewu ndi mabeseni a tomato pamutu, kwinaku basi ikudutsa ngati mphepo. Apa ndi pomwe kamera ikufunika tsiku lililonse, osati kubisala pansi pa mtengo kutchire komwe chikwangwani cha liwiro chidazulidwa kalekale.

Chachiwiri, dalaivala akaimitsidwa amuonetse chithunzi chokhala ndi nambala ya galimoto yake, nthawi komanso liwiro lake. Popanda zimenezo amayamba kukangana, ndipo mkangano wa pamsewu tonse tikudziwa kuti umathera m'thumba. Chindapusa chizilipiridwa pa foni, risiti ibwere pompo, wapolisi asagwire ndalama m'manja. Makinawo aziyesedwanso pafupipafupi, chifukwa akasokonekera amalanga munthu wosalakwa.

Nanga usiku? Ambiri oyendetsa ataledzera amatuluka dzuwa litalowa, apolisi ataweruka. Tigulireni zida zopumiramo zoyezera mowa zokwanira, ziziyenda ndi apolisi olondera usiku, makamaka kumathero a sabata.