Mtsutso usangokhala wa kalabu ya Lachisanu

M'sukulu zathu za sekondale za mipingo kuno ku Mzuzu, mtsutso tinautsekera m'kalabu. Ana ochepa othamanga Chingerezi amalankhula Lachisanu masana, enawo ntchito yawo n'kuwomba m'manja basi. Ine ndikuti ulowe m'kalasi, pa phunziro la mbiri ndi la Baibulo lomwe.

Sukulu zotsata maphunziro achikale a Chikhristu, monga Logos School ya ku Idaho, America, yomwe inatsegulidwa mu 1981, zimagawa maphunziro patatu: galamala, kuganiza mwadongosolo, kenako luso lolankhula. Mwana wa msinkhu wa Folomu 1 kapena 2, uja wotsutsa chilichonse pakhomo, samamukhalitsa chete. Amamuphunzitsa kutsutsa ndi zifukwa.

Chomwe chimandikoka kwambiri ndi kachitidwe ka Thomas Aquinas, katswiri wa maphunziro a zaumulungu wa m'zaka za m'ma 1200. Asanapereke yankho lake, ankayamba waika poyera mfundo za omutsutsa, zamphamvu zenizenizo, ndipo pomaliza ankaziyankha imodziimodzi. M'kalasi lamulo likhale lomwelo: usanagwetse mnzako, fotokoza mfundo yake mpaka iye mwini avomere kuti eya, ndimatanthauza zimenezo. Akuluakulu ambiri pa Facebook pano mayeso amenewa sitingakhoze.

Tengani nkhani ya John Chilembwe mu 1915. Kodi m'busa anayenera kunyamula zida? Gulu lina liwerenge Aroma 13 pa za kumvera olamulira, lina lifufuze za thangata ndi nkhanza za pa esiteti ya Magomero, sabata yotsatira asinthane mbali. Mwana amene wadutsa pamenepo sangaiwale mutuwo pa MSCE, ndiye zoti silabasi ndi yaitali sizindigwira mtima.

Makolo ena amaopa kuti ana achita mwano, kapena chikhulupiriro chigwedezeka. Mantha awo ndimawamva. Koma Paulo ku Atene, pa Machitidwe 17, anakambirana ndi anthu a nzeru za Chigiriki mpaka kuwatchulira alakatuli awo omwe. Funso lovuta mwana adzakumana nalo ndithu, kaya ku Mzuni kaya pa foni. Bola alimve koyamba pali mphunzitsi womuthandiza.

Pempho langa kwa aphunzitsi: chigawo choyamba cha mtsutso muziwalola atsutsane m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, Chingerezi chibwere pambuyo. Mudzadabwa kuti oganiza mozama ena ndi aja amakhala phee kumbuyo kwa kalasi.