Chenjezo kwa inu amene mukugwetsa mitengo ya mthunzi m'minda

Sabata yatha, ndikuchokera ku Nkhata Bay kubwerera kuno ku Mzuzu, ndinaima pamunda wina wa khofi pomwe mbawa yaikulu inali itasanduka matumba a makala, chitsa chake chikuchuchabe utomoni. Mnyamata mwini mundawo anandiuza, nkhope ili gwa, kuti akufuna kuyesa koko, mbewu yopangira chokoleti ija, monga amalimira anzathu a ku Kyela ku Tanzania, kutsidya kwa Songwe, ndiye mtengowo ukanamutchingira dzuwa.

Ana anga, koko ndi mbewu ya m'nkhalango, kwawo ndi ku Amazon kumene imamera pansi pa mitengo italiitali, ndipo mbande yake ikaombedwa ndi dzuwa la mu Okutobala masamba amapserera. Koma chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti simudziwa zomwe mukuotcha mu uvuni. Mtengo ukamakula umakoka mpweya wa kaboni n'kuusunga m'thunthu, m'nthambi ndi m'mizu, moti pafupifupi theka la kulemera kwa nkhuni youma ndi kaboni. M'minda ya koko ya ku Cameroon, kumene alimi amasiya mitengo ya m'nkhalango ili chiimire, kaboni wochuluka amakhala m'mitengo ikuluikuluyo, osati m'timitengo ta koko. Choncho musandiuze kuti mudzabzala mbande zisanu m'malo mwake, pakuti zimene mbawa ija inasonkhanitsa kuyambira nthawi ya agogo anu zikupita m'mwamba ndi utsi wa mu uvuni ndi wa pambaula, pamene mbande zanuzo, ngati mbuzi zingazisiye n'komwe, zidzafika msinkhu umenewo inu mukuyendera ndodo.

Côte d'Ivoire ndi Ghana amalima koko woposa theka la koko yense wa padziko lapansi, koma Côte d'Ivoire wataya nkhalango yoposa 80 peresenti chiyambire 1960, ndipo ulimi wa koko uli ndi mlandu waukulu pamenepo. Munda wa pambalambanda umabereka kwambiri poyamba, kenaka nthaka imaguga, mlimi n'kutenganso nkhwangwa kukaswa mphanje kwina.

Inunso amene mukuswa mphanje m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina, mvetsetsani. Mu 2023 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa kumeneko koko kapena khofi wochokera pamalo amene nkhalango inagwetsedwa pambuyo pa 31 Disembala 2020, ndipo wogula adzafuna kuona pamapu malo enieni amene munda wanu uli asanalandire thumba.