Inu odya njira ndi ngalande mu Lilongwe muno, tamverani

Ndilankhule lero mitambo isanade, kuopa mungadzati nkhalamba inaona koma inangoti duu.

Mwezi wathawu m'dera lathu munagwa zovuta. Mayi wina wachikulire anatisiya, ndipo itakwana nthawi yonyamula thupi, galimoto inakanika kufika pasiwa. Njira imene kale tinkalowetsamo lole ya njerwa, lero mayi wosenza ndowa amadutsamo chammbali. Uyu anasuntha mpanda wake pang'ono, uyo anaphatikiza kanyumba ka lendi, winanso anakumba chimbudzi pakona penipeni. Anyamata anachita kupendeketsa bokosi, kenaka kupatsirana pamwamba pa khoma, azimayi a kwaya akuimba kumbuyo. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ena mwa onyamula bokosiwo ndi omwewo anadya njirayo. Nanga tsiku limene nyumba idzayake, ozimitsa moto adzadzera kumwamba?

Ana inu, mzinda uno sunangomera ngati bowa. Likulu lisanachoke ku Zomba kubwera kuno mu 1975, anthu anakhala pansi n'kuujambula. Nkhalango ija ya m'mbali mwa Lingadzi, pakati pa Old Town ndi City Centre, anaisiya dala. Madambo, mipata ya m'mbali mwa misewu, mabwalo a masewero, zonsezo anasiya akudziwa. Sindikuti mapulaniwo analibe chilema. Anaumwaza mzindawu, Kanengo uko, Capital Hill uko, msika kwina, wosauka n'kumutsiriza nsapato. Anthu nawo anachuluka kuposa mapoloti. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno, ndipo khwimbi lili ku Chinsapo, Mtandire, Mgona, Kauma ndi madera ena othinana. Kuthinana si mlandu, tonse tinabwera kudzasaka ndalama ya ndiwo. Mlandu ndi woti aliyense akaona malo opanda mpanda amati alibe mwini. Mwini wake alipo: ndi mwana wopita kusukulu, ndi wodwala wofuna ambulansi, ndi madzi a mvula.

Madziwo ndiye samvera mfumu kapena chidindo. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Mwaiwala kale February wa 2017, Lingadzi atasefukira ku Mtandire, anthu ali pamadenga, matiresi akuyandama? Ndimayesa tinatolapo phunziro. Koma yendani lero m'mbali mwa Lingadzi, Nankhaka kapena mtsinje wa Lilongwe. Mupeza mauvuni a njerwa akufuka pagombe penipeni, maenje a mchenga otalika kuposa munthu, ndi maziko a nyumba pamene pankamera bango. Wogulitsa polotiyo amakutengerani kumeneko mu October nthaka ili gwaa, n'kumati "pano sipafika madzi, bwana". Mufunseni chifukwa chake iye sanamangepo.

Ndiye pali khalidwe lina lochititsa manyazi. Mvula ikangoyamba kuwaza, mumaona zitseko zikutseguka, anthu akuthamanga ndi matumba a zinyalala kukakhuthula m'ngalande kuti madzi apite nazo. Apite nazo kuti? Majumbo, mabotolo, matewera a ana, zonse zimakatseka pamlatho woyamba, madzi n'kubwerera m'makhonde a anzanu a kumunsi, atasakanikirana ndi za m'zimbudzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatipululutsa tikuona, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January 2023. Ena a inu munaika abale anu mothamanga, opanda ngakhale mwambo. Koma lero ngalande ya pakhomo panu yadzaza mpaka pakamwa, mukudikira akhonsolo. Inde, akhonsolo ali ndi gawo lawo, ndipo tiziwakumbutsa mosanyengerera. Koma thewera limenelo sanaponyemo ndi iwo.

Nanunso a mipanda italiitali, musaseke ngati ndikunena a kumakomboni okha. Khoma mwalifikitsa m'mphepete mwa tala, kunja kwake mwabzala kapinga n'kuika miyala kuti munthu asapondepo. Woyenda pansi azilimbirana msewu ndi minibasi komanso akabaza, inu muli phee mkati. Madzi a pabwalo lanu la simenti mwawatulutsira kumsewu ndi paipi, akumbe zigwembe zimene mawa mudzazitukwane nokha.

Za bwalo la mpira la m'dera lathu sindifuna kunena zambiri, mtima ungandikwere. Linagawidwa usiku, pang'onopang'ono, kuyambira kugolo la kumadzulo. Lero adzukulu anga amasewera chikulunga pamsewu, golo ndi miyala iwiri, njinga yamoto ikamabwera mmodzi amakuwa kuti enawo athawe. Tikawapeza pa shabini ali ndi zaka 14 tidzati ana a masiku ano ndi osamva.

Loweruka likudzali, 6 koloko m'mawa, ine ndidzakhala pa ngalande ya pakona paja ndi khasu langa, ngakhale msana ukuvuta. Amene mumataya zinyalala mubwere ndi fosholo ndi wilibala. Amene mpanda wanu unadya njira yathu ija mukudzidziwa, inu mubwere ndi hamala.