Khansa ya Kaposi si yolodzedwa

Abale anga, zimandipweteka mtima ndikaona munthu mwendo utatupa n'kuuma gwa, khungu lili mawanga akuda otukuka, koma achibale n'kumati anaponda mankhwala otchera. Amayamba kumutemera mphini, miyezi n'kumapita. Pofika kuchipatala amakhala akulephera kuvala nsapato, mawanga aja atafika mpaka m'kamwa.

Kawirikawiri imeneyi imakhala khansa ya Kaposi, imodzi mwa khansa zofala kwambiri kuno ku Malawi, makamaka kwa abambo. Dokotala Moritz Kaposi anaifotokoza ku Vienna mu 1872, ndipo mu 1994 Yuan Chang ndi Patrick Moore a ku Columbia University anapeza kachilombo koyambitsa matendawa, kotchedwa KSHV kapena HHV-8. Kuno kwathu ambiri amakatenga ali ana, makamaka kudzera m'malovu.

Kachilomboka n'kochenjera. Kakalowa mu selo (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi), monga maselo oyera a m'magazi otchedwa B kapena maselo a m'kati mwa mitsempha ya magazi, sikathamangira kuswana ayi. DNA yake, imene imasunga malangizo a kapangidwe kake, imapindika n'kukhala ngati mphete, kenako puloteni yake yotchedwa LANA imaimangirira ku DNA ya munthuyo. Selo likamagawikana, nako kamakopedwa n'kulowa m'maselo atsopanowo. LANA yomweyo imasokonezanso p53, puloteni imene imachititsa kuti selo lowonongeka life, choncho selo loyenera kufa limangopitiriza kuchulukana. Kakhoza kukhala phee chomwecho moyo wonse wa munthu. Nthawi zina puloteni ina, RTA, imakadzutsa. Pamenepo kamapanga tizilombo tambirimbiri, selo n'kufa, ndipo kamatulutsa zinthu zolimbikitsa timitsempha tatsopano ta magazi kumera mosalongosoka. Mawanga aja amada chifukwa cha timitsempha timeneti.

Chimene chimakagwira kuti kasavute ndi chitetezo cha m'thupi. N'chifukwa chake anthu ochuluka amene ali nako sadwala konse, koma HIV ikafooketsa thupi, kamapeza mpata. Ine ndimadandaula kwambiri ndikamva wina akuuza mnzake kuti asiye ma ARV poti wanenepa kapena wapemphereredwa. Katemera wa KSHV kulibe, mankhwala okachotsa m'maselo momwe kabisala kulibenso. Ma ARV ndi amene amabwezera thupi mphamvu zokaletsa, moti kwa ena mawanga ochepa amazilala ndi ma ARV okha. Matenda akafalikira, madokotala amaonjezera mankhwala a khansa monga paclitaxel.

Komanso tisiye kuloza chala. Si aliyense wodwala Kaposi amene ali ndi HIV. Khansayi inalipo kuno ku Africa Edzi isanadziwike. Mukaona banga lakuda losatha pamwendo kapena m'kamwa mwa m'bale wanu, ngakhale lisakupweteka, muperekezeni kuchipatala sabata yomweyo, akamupime khungu ndi magazi omwe.