Pacemaker ya Mtima Wofooka: Njira ya Tanzania, ya Mozambique ndi ya Malawi

M'chaka cha 1994, dokotala wa mtima wa ku France, Serge Cazeau, ndi anzake anafalitsa nkhani ya bambo wa zaka 54 amene mtima wake unali utafookeratu, ndipo anamuika pacemaker (kachipangizo kamagetsi koikidwa pachifuwa kothandiza mtima kugunda) yokhala ndi mawaya olowa m'zipinda zonse zinayi za mtima. Kufikira nthawi imeneyo kachipangizoka kankadziwika kuti ndi ka anthu amene mtima wawo umagunda mochedwa. Cazeau ankafuna kukonza vuto lina. Mwa odwala ena a mtima wofooka, uthenga wamagetsi wouza minofu kuti ifinye umafika mochedwa ku khoma la kumanzere, moti mbali ina ikamafinya ina imakhala isanayambe. Zimakhala ngati anthu awiri akupalasa bwato mosagwirizana: mphamvu zikutha, bwato likungozungulira. Wodwala amabanika akangoyenda pang'ono, miyendo imatupa, ndipo usiku amagona chotsamira.

Chithandizochi, chimene madokotala amachitcha CRT, chinatsimikizika ndi kafukufuku wa CARE-HF amene anatsogoleredwa ndi John Cleland wa ku Britain, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2005. Mwa odwala 813 a ku Ulaya, amene ankangomwa mankhwala anamwalira 30 pa 100 alionse, pamene amene analandiranso kachipangizoka anamwalira 20 pa 100 alionse, m'zaka pafupifupi ziwiri ndi theka. Komabe si wodwala aliyense amene chimamuyenera. Chimathandiza kwambiri munthu amene mtima wake umatulutsa magazi osapitirira 35 pa 100 a m'chipinda cha kumanzere pa kugunda kulikonse, amene ECG yake (kuyeza kwa magetsi a mtima) ikuonetsa kuchedwa kwa uthengawo, ndiponso amene wamwa kale mankhwala oyenera kwa miyezi ingapo. Ngakhale atasankhidwa chonchi, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse saona kusintha kwenikweni.

Odwala a kuno kwathu ndi osiyana ndi a Cleland, amene ambiri anali atapitirira zaka 60. Pulofesa Albertino Damasceno wa ku Maputo anatsogolera kafukufuku wa odwala 1,006 m'maiko 9 a mu Africa, wofalitsidwa mu 2012, ndipo anapeza kuti zaka zawo zinali pafupifupi 52 ndipo chimene chinafooketsa mitima ya pafupifupi theka la iwo chinali BP. Zimenezi zili ndi tanthauzo pa nkhani ya ndalama. Batire ya kachipangizoka imatha pakapita zaka zisanu mpaka khumi, choncho munthu woikidwa ali ndi zaka 45 adzafunika kuchitidwanso opaleshoni yosintha kangapo pa moyo wake.

Dziko la Tanzania linasankha kumanga malo amodzi amphamvu a boma. Chipatala cha Jakaya Kikwete Cardiac Institute, chimene chili ku Muhimbili mumzinda wa Dar es Salaam, chinayamba kudziyimira pachokha mu 2015, ndipo madokotala ake, ataphunzira kunja ndi kugwira ntchito limodzi ndi magulu obwera kudzathandiza, tsopano amaika okha ma pacemaker, kuphatikizapo a CRT. Kuika CRT si ntchito yapafupi. Mawaya awiri amalowa mumtsempha wa pansi pa phewa n'kufika kumanja kwa mtima, koma wachitatu amayenera kudutsa m'kamtsempha kokhotakhota kozungulira kuseri kwa mtima, dokotala akuyang'ana pa makina ojambulira. Luso lotere limakula ndi kuchuluka kwa odwala amene dzanja lakhudza, n'chifukwa chake kusonkhanitsa odwala pamalo amodzi kuli ndi nzeru. Kuipa kwake n'kwakuti wa ku Mbeya kapena ku Songea ali ndi ulendo wautali kwambiri. Zambia nayo yatsata njira yofanana potsegula National Heart Hospital ku Lusaka.

Mozambique inayenda njira ina. Chipatala cha Instituto do Coração ku Maputo chinatsegulidwa mu 2001 mothandizidwa ndi mabungwe achifundo a ku France, Britain ndi Portugal, ndipo si cha boma. Dzikoli linatengaponso mbali pa kafukufuku amene ambiri akamumva koyamba amachita naye nthumanzi, woyesa ma pacemaker ochotsedwa m'matupi a anthu omwalira ku America, n'kutsukidwa, kuphedwa tizilombo ndi kuyezedwa mphamvu ya batire. Ntchitoyi ndi ya gulu la My Heart Your Heart la pa yunivesite ya Michigan, ndipo mu 2024 Thomas Crawford analengeza kuti mwa odwala pafupifupi 300 a m'maiko 7, opatsidwa zogwiritsidwapo kale ntchito sanatukusire mabala kuposa opatsidwa zatsopano m'masiku 90 oyamba. Ku Cape Town, madokotala a pa chipatala cha Groote Schuur, pamodzi ndi malemu Pulofesa Bongani Mayosi, anali atapeza zofanana mu 2015. Ine ndikuona kuti mantha a pa nkhani ya maliro sayenera kutsekereza njira imeneyi, pakuti wodwala amauzidwa ndipo amavomera yekha. Chofunika kukumbukira n'chakuti mawaya amakhala atsopano nthawi zonse ndipo amagulidwa, komanso kuti masiku 90 sanena kanthu za utali wa moyo wa batire.

Ku Malawi njira imene tazolowera pa matenda aakulu a mtima ndi yotumiza odwala kunja, makamaka ku India, wina pa ndalama za boma atadikira pa mndandanda, wina pa ndalama za abale. Pa opaleshoni yochitika kamodzi n'kutha, njirayi ili ndi pogwira. Pa CRT ndi yofooka kuposa zinzake zonse, chifukwa kachipangizoka kamafuna kuunikidwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Dokotala amaika kachitsulo kowerengera pachifuwa, n'kuona pa kompyuta mphamvu ya batire, ngati waya wasuntha, ndiponso ngati kachipangizoka kakutsogolera pafupifupi kugunda kulikonse, pakuti kakamaphonya kwambiri phindu lake limachepa. Nthawi zina waya wa kumanzere umakhudza mtsempha woyendetsa mnofu wopumira, ndipo wodwala amamva kudumphadumpha pansi pa nthiti usana ndi usiku. Vuto limeneli kawirikawiri limatha m'mphindi zochepa pongosintha kachitidwe ka magetsi, koma pamafunika makina owerengera a kampani yomweyo imene inapanga kachipangizoko. A Medtronic sasintha za Abbott, ndipo a Abbott sasintha za Biotronik. Wodwala amene wabwera kuchokera ku India n'kukatsikira ku Rumphi ali ndi kachipangizo ka kampani imene makina ake sapezeka pafupi, wanyamula pachifuwa chinthu cha ndalama zambiri chimene palibe angachifunse mmene chikuyendera.

Lipoti la bungwe la madokotala a mtima mu Africa la PASCAR, lofalitsidwa mu 2018 motsogoleredwa ndi Aimé Bonny wa ku Cameroon, linaonetsa kuti mwa maiko 31, maiko 8 sankaika pacemaker n'komwe. Pofuna kuthana ndi vutoli, bungweli linatumiza madokotala ku Cape Town kwa miyezi ingapo kuti akaphunzire kuika ndi kuunika zipangizozi. Pamenepa ndi pamene Malawi angatengerepo mwamsanga, asanafike pomanga chipatala chonga cha ku Dar es Salaam. Makina owerengera a makampani akuluakulu atakhala pa zipatala za Queen Elizabeth, Kamuzu Central ndi Mzuzu Central, pamodzi ndi anthu ophunzitsidwa kuwagwiritsa ntchito, boma likhoza kunena kwa chipatala chilichonse cha kunja chimene limatumizako odwala kuti chiziika zipangizo za makampani okhawo.